Zikhomo za M'munda wa Manachesi

Lolemba, 3 Juni 2024

Kuzizira koopsa. Chifunga mpaka 9 koloko, nsalu zapabedi za alendo osauma. Kope ili ndi la mnyamata wanga Lonjezo, analisiya ndi masamba ambiri popita kuntchito ku Mwanza. Ndilembamo ine, poti pakamwa zikukana kutuluka.

Lero akhoma zikhomo m'munda wa manachesi kwa Asisitere. Chingwe chabuluu kuzungulira. Ndafunsa a Malizani, kapitawo wa omanga, akuti akumba dziwe losambiramo alendo, la madzi ofunda. Mitengo isanu ndi umodzi ya mzere wa kumpanda igwetsedwa. Ndinali ndi beseni pamutu. Ndinayamba ndalitula pansi.

Ndimanenabe kuti kwa Asisitere ngakhale eni ake anachoka zaka zisanu zapitazo. Anali obindikira, osatuluka kunja kwa mpanda wa njerwa uja mpaka imfa. Anatsala anayi okalamba, galimoto inabwera kudzawatenga, basi. Ine ndinayamba kuwachapira ndili mtsikana, lero ndikuchapira ena m'mabeseni omwewo. Pageti pali chikwangwani chatsopano: Malo a Mpumulo ndi Mbiri. A Ruth, bwana wathu wochokera ku Blantyre, amatikonza tikalakwitsa dzina. Anthu a m'tauni amabwera kudzakhala chete, kudya pang'ono, kugona m'tizipinda topanda wailesi, pochoka n'kumathokoza. Koma abale! Asisitere anachita zomwezo zaka makumi asanu ndi awiri popanda wowajambula.

M'munda umenewo muli mwana wanga.

Ndalemba. Zaka 21 osanenapo.

Lachitatu, 5 Juni

Dzulo sindinalembe.

Malichi 2003. Mvula ya masiku anayi, msewu wa kuchipatala wosadutsika, ine kwa azamba. Mwana woyamba. Sanalire. Ndinangomva malemu amayi akuti "tseka maso," ndipo anatenga chitenje changa chachikasu chimene sichinabwererenso. Wamwamuna kapena wamkazi, sindidziwa.

Nthayo, mwana wobadwa atafa kale. Dzina lake ndi lomwelo basi. Nthayo salira, saipatsa dzina, saiimikira mtanda. Amaika azimayi okhaokha, amuna sayandikira, mayi wake sapita ndipo sauzidwa malo. Dzenje lake losazama, losafika ndi m'mawondo momwe, akuti ukazamitsa watseka mimba ya amake. Ndiye kumanda akumudzi agalu ndi afisi ankafukula. Sisitere Anyesi, amene ankayang'anira munda, atamva zimenezo anayamba kumasiya kachitseko ka kumunda kosakhoma. Osauza Abambo wansembe, osalemba m'buku. Azimayi ankalowa ndi khasu, ankatuluka, nkhani yatha. M'kati mwa mpanda fisi salowa.

Zomwe ndikudziwa n'zomwezo: m'munda wa manachesi, mzere wa kumpanda. Mtengo uti, kaya.

Chaka chatha kunabwera wofufuza mbiri ndi kamera yake. Anasonkhanitsa akuluampingo, amuna okhaokha, kuwafunsa komwe kuli manda. Anamuonetsa mitanda khumi ndi umodzi ya asisitere, anajambula, anaika pamapu. Amunawo sananame ayi. Sadziwa. Ife tinali kukhitchini kuwaphikira tiyi.

Ndiye tamvani izi. Abambo ake Lonjezo, a Laimoni, abwera madzulo akuti a Malizani awalemba ganyu yokumba dziwelo. Iwo! Ndi piki yawo yomwe. Ndawaikira madzi osamba.

Lachinayi, 6 Juni

Nditaweruka, molunjika kwa amayi aang'ono, amake Thokozani. Mwa azimayi anayi amene anapita ndi chitenje chija atsala okha. Ndawapeza pakhonde akutong'ola chimanga. Ndinazungulira kaye, za chifuwa chawo, za mbuzi yothyoka mwendo, kenako ndinangofunsa kuti ndi mtengo uti.

"Pamenepo sitinaikepo munthu. Usandiputire zinthu iwe."

Ndati akukumba. Akuti akumbe, dothi ndi dothi. Akuti ine ndine amake Lonjezo, Lonjezo ndiye woyamba, ndizithokoza Mulungu kuti mimba sinatsekeke. Akuti ukayamba kutchulatchula nthayo umaitana ina, ndiganizire mkazi amene Lonjezo adzakwatire.

Ndachoka osatsanzika. Mwano, ndikudziwa, ndikalapa. Andikwiyitsa zedi. Koma chimanga chija ankachitong'olera pansi, lichero lili pambali, osaona n'komwe.

Loweruka, 8 Juni

Alendo asanu ndi atatu ochokera ku Lilongwe. Tiyi wa mandimu ndi uchi, shuga akuti ayi. M'tchalitchi cha asisitere anachotsamo mabenchi, anthu amagona chagada pa timikeka n'kumakoka mpweya, wina akuwaimbira kabelu. Pomwe pankakhala guwa pali mtsuko wa maluwa. Ndimagwadabe ndikamadutsa, bondo silimva za chikwangwani.

A Ruth andiika m'chipinda cha mbiri poti zinthuzo ndimazidziwa: chitsulo chootchera mikate ya Misa, simbi ya makala, kabokosi kozungulira komwe tinkapatsiranamo zovala ndi asisitere osaonana nkhope. Mayi wina wa magalasi wafunsa za kachitseko ka kumunda, kuti chifukwa chiyani n'kakang'ono chonchi. Ndati n'kolowetsera nkhuni. Bodza kutuluka losalala ngati ndinachita kulikonzekera. Analemba m'foni mwake.

Kukumba ayambira chapakati pa munda, akulowera kumpanda. Poyanika zovala maso anga ali pa wilibala iliyonse. Dothi lofiira, mizu, miyala. Ndikusaka chachikasu. Chitenje chija chinali cha nayiloni, sichiola.

Lolemba, 10 Juni

A Malizani alusa. Zikhomo ziwiri za pakona ya ku kachitseko zasuntha mapazi angapo, chingwe chomangidwa bwinobwino ngati sipanachitike kanthu. Ayezanso ndi tepi, abwezera pamalo pake. Akuti ndi ana. Ana ati, mpanda wautali chonchi? Mlonda akulumbira kuti sanaone munthu, koma uyo timamudziwa, amalondera bulangete lake.

Mumtima ndati amayi aang'ono atuma wina. Ndinamva kukoma pang'ono. Kenako ndaganiza, kusuntha chikhomo kuthandiza chiyani, tepi ili m'thumba mwa a Malizani?

China. Abambo ake Lonjezo masiku ano akudzuka kusanache, akuti akukathirira kachewere kudimba asanapite kuganyu. Amabwera kudzamwa tiyi thalauza lili chinyowere ndi mame. Kudimbako ndinapita ine dzulo, mizere youma gwa. Eti pa msinkhu uno, imvi zili mbuu? Mkaziyo ndikamudziwa aona. Ayi, ndikunama, mphamvu zake ndilibe.

Lachitatu, 12 Juni

Zasunthanso, kachitatu tsopano. Okumba ena akuti ndi mizimu ya asisitere, awiri sanabwere. A Malizani akuti mzimu sumanga mfundo ya mmisiri.

Ndapsereza pilo ndi simbi. A Ruth andiitana ku ofesi, ine ndati basi yatha ntchito. Koma ayi, andipatsa mpando. "A Constance, pali vuto kunyumba?" Munthu wabwino, ndisamunamizire. Mapu aja ali pakhoma kumbuyo kwawo, timitanda khumi ndi kamodzi pakona, munda wa manachesi wangopakidwa zobiriwira, mulibe kanthu. Ndinatsegula pakamwa. Ndati sopo watha. Sopo! Andipatsa kiyi wa kusitolo.

Ndiyambire pati? Kuti muli manda koma pomwe ali sindidziwa, a munthu wopanda dzina, amene amayi anga omwe anati sanali munthu? Ndipo si wanga yekha. Ndikanena ndiye kuti ndavula azimayi a midzi itatu pamaso pa amuna. Ena adzati ndikufuna kuthamangitsa ntchito imene yabwera kuno kumapiri patatha zaka. Komanso za mkazi wa Lonjezo zija, ndimati sindikhulupirira, koma zakhala pamtima.

A Ruth akuti tizithyola manachesi a mitengo yogwetsedwayo asawonongeke. Ndabwera ndi jumbo lodzaza. Abambo ake Lonjezo akana monga mwa masiku onse, akuti a kwa Asisitere amawapatsa chilungulira. A kumsika wa ku Dambe amadya asanu atakhala pamodzi. Ine ndasenda limodzi, ndalisiya pawindo.

Loweruka, 15 Juni

Dzenje latsala mapazi khumi kuti lifike pa mzere. Ndayeza ndi mapazi anga ndikunamizira kutola zopanira zovala.

Abambo ake Lonjezo akukumba mochedwa, piki kamodzi, kupuma, kulavulira m'manja. A Malizani awapatsa dzina loti Agogo, anyamata akuseka. Munthu amene amalima ekala yekha. Ndati mphamvu zikuthera kwa mkazi uja.

Sindikukhazikika. Ndasesa pabwalo katatu, ndachapa zoyera kale. Pemphero la korona ndimaliyamba, pofika pakati ndili m'munda kuwerenga mitengo. Uwu? Kapena uwu wopindikawu? Lonjezo waimba, akuti mawu anga sakumveka bwino. Ndati ndi netiweki. Ndinafuna kumuuza kuti ali ndi mkulu wake.

Lachiwiri, 18 Juni

Manyazi a lero!

A Malizani anabisala m'chipinda cha zipangizo kuyambira m'bandakucha. Amugwira wosuntha zikhomo, chikhomo m'dzanja ili, mwala m'dzanja linalo. Abambo ake Lonjezo. Amuna anga. Analowera pa kachitseko, amadziwa kukanyamula pang'ono kuti katseguke, mahinjesi ake anaika ndi iwo kalekale akugwira ntchito kwa asisitere.

Ndafika 7 koloko ndapeza anthu atazungulira. A Malizani akukuwa kuti anene chifukwa, iwo maso pansi, chipewa m'manja. A Ruth afunsa mofatsa, chimodzimodzi. Anyamata akunong'onezana kuti mdalayu amafuna ganyu italike. Awachotsa ntchito pomwepo. Atenga piki yawo, adutsa pafupi ndi ine osandiyang'ana.

A Malizani akuti zokumba ndi manja atopa nazo, masiku apita pachabe. Lolemba kubwera katapila kuchokera ku Lisungwi, tsiku limodzi mitengo pansi, dzenje latha.

Katapila. Iyo siona chachikasu.

Kunyumba ndawaikira chakudya, adya, ndachotsa mbale. Mkazi uja kulibe, chabwino, koma nanga misala imeneyi ndi ya chiyani?

Lachinayi, 20 Juni

Ndilembe bwinobwino, ndisaiwale kalikonse.

Masana, kudimba, tikukumba kachewere kamene sikanaume. Masiku awiri osalankhulana. Ndinayamba ndine, ndi ukali wanga uja: kuti andichititsa manyazi pantchito, kuti anthu akutiloza, kuti mpaka ndinkawaganizira za mkazi, anene basi chomwe chawagwira. Anabaya khasu pansi, anakhala pamzere, kuyang'ana kuphiri.

"Ndi mtengo wachitatu kuchokera pa kachitseko."

Ndati mwati bwanji. Anabwereza.

Akuti m'mawa uja azimayi anawauza kuti palibe maliro, azipita kuntchito. Anapita, nanga akanatani. Mvula inali itasasula malata a tchalitchi, Sisitere Anyesi anawatuma padenga ndi hamala. Ali pamwambapo anaona kachitseko kakutseguka, azimayi anayi, khasu, kanthu kachikasu m'manja mwa amayi anga. Chitenje anachidziwa, anagula ndi iwo. Anagona chafufumimba pamalata onyowa kuti asaoneke, nawerenga mitengo. Mbali yeniyeni ya mtengowo sakudziwa, masamba ankawatchinga.

Ndati nanga zaka zonsezi? Akuti mwamuna saona zimenezo, iwo anaona. Zaka ziwiri zija Lonjezo asanabwere, ine ndikulira kuti mimba yatsekeka, iwo ankati atseka ndi iwo ndi maso awo. Lonjezo atabadwa anati bola, asayambenso kuputa. Kenako zaka zinangopita, pofuna kuyamba osadziwa poyambira. Ganyu anaipempha dala, kuti ngati piki ifike pamenepo, ikhale m'manja mwawo. Mtengo wachitatu uli pakona penipeni pa dziwe, ndiye ankasuntha zikhomo kuti utsale kunja kwa chingwe. Akuti ankadziwa kuti n'zopusa, koma china chochita analibe.

Za chilungulira sindinafunse n'komwe.

Kenako anati, mawu otsika: "Ndinamupatsa dzina ndili padenga pomwepo. Chiyamiko. Poti sindinadziwe ngati ndi mwamuna kapena mkazi."

Ndinalira. Osati timisozi ayi, kulira kwa maliro kwenikweni, manja pamutu, masana dzuwa lili pamutu, pakati pa kachewere. Mayi wina wodutsa ndi ndowa anaima, anayang'ana, anapitirira. Iwo sananditontholetse. Anangovula chipewa.

Zaka 21 mphasa imodzi, aliyense kubisira mnzake mwana yemweyo. Ndawakwiyira, ndawamvera chisoni, zonse pamodzi. Kachewere tinakasiya komweko.

Lachisanu, 21 Juni

Kuntchito ngati masiku onse. Poyanika ndawerenga kuchokera pa kachitseko. Woyamba, wachiwiri. Wachitatu si wopindika uja ayi, ndi wamba, wa nthambi imodzi youma, wobereka kwambiri. Ndakhala ndikuudutsa ndi beseni kuyambira kale. Apaka kale penti yofiira pathunthu pake.

Ndinati ndipite kwa a Ruth. Apita ku Blantyre, abwera Lamulungu madzulo. Pafoni sizinganenedwe izi.

Chiyamiko. Ndalitchula pansipansi ndikusita, kangapo, kuti lizolowere pakamwa.

Lamulungu, 23 Juni

Mapemphero atatha azimayi tinatsalira pamsonkhano wathu. Nkhani inali ya ndani asese tchalitchi mwezi wamawa. Ndinaimirira mosapatsidwa mpata. Ndati mawa kubwera katapila m'munda wa manachesi. Ndati ine ndikakhala pansi pa mtengo wachitatu, kwa mwana wanga Chiyamiko, ndipo a Ruth akandifunsa ndikanena zonse. Ndati sindikuitana munthu, ndangoti mudziwe, poti si wanga yekha.

Ena maso pansi, ena kukonza duku losamasuka. Wina kumbuyo wati ndiganizire ana a anthu amene akugwira ntchito kumeneko. Wina wafunsa kuti mtengo wachitatu wandiuza ndani. Ndinakhala pansi. Amayi aang'ono anatenga ndodo yawo, kutsokomola, kutuluka, osatembenuka.

Palibe wanena kuti abwera. Chabwino.

Abambo ake Lonjezo akuti apita nane. Ndati afike pa kachitseko, anditsegulire, atsale kunja. Anaona kamodzi, zakwana. Yunifolomu ndasita, ndivala, akandichotse nditaivala. Mantha ndili nawo, ndisaname.

Lolemba, 24 Juni

Ndikulembera pabondo. Pansi pa mtengo wachitatu, udzu wonyowa, chifunga chikutha. Chingwe chabuluu chili kumsana kwanga. Abambo ake Lonjezo ali kunja kwa kachitseko, ndikuona nsonga ya chipewa. Katapila ikumveka kumunsi kwa phiri, ikukwera pang'onopang'ono.

Ndekha. Manja kuzizira, cholembera chikuterera.

Kachitseko kalira.

Amayi aang'ono, ndodo patsogolo, chifuwa chija. Kumbuyo kwawo azimayi akulowa mmodzimmodzi atawerama, ndawerenga mpaka asanu ndi anayi ndasiya. Wa dzulo uja wonena za ana a anthu alinso pomwepo. Palibe moni. Amayi aang'ono akuyenda mumzere, kuloza ndi ndodo, iwe apo, iwe apo, ndipo aliyense akukhala pomwe walozeredwa. Wina wagwira dothi ndi chikhato.

Amayi aang'ono afika pa ine. Andiyang'ana nthawi yaitali, ayang'ana thunthu la mtengo, ayang'ana mpanda.

"Sendera kuno iwe. Wamukhalira kumutu mtsikanayo."

Mtsikana.

Ndasendera.

A Ruth atuluka mu ofesi, foni kukhutu, aima, aitsitsa. Katapila yafika pageti. Ndiimirira ndine. Ndiyamba ndi dzina lake, kenako